Ndiwo za Masamba ndi Zipatso pa Cakudya ca Tsiku ndi Tsiku

Mau amene anakambidwa ku Nzama pa msonkhano waukuru wa pacaka wa Bungwe, pamaso pa mafumu, aphunzitsi, amai a m'midzi ndi mamembala onse. Asindikizidwa pano kuti iwo amene sanathe kufika awawerenge, nawerengerenso anzao.

Dziko la Ncheu lidziwika m'Malawi monse cifukwa ca zinthu ziwiri, ndizo gule wa ngoma wa Angoni ndi ndiwo za ku dimba. Munthu wa pa ulendo wocokera ku Blantyre kumka ku Lilongwe, akafika pa mphambano ya Tsangano kapena pa msika wa Lizulu, aona miyulu ya kabici, matimati, anyezi, karoti ndi mbatata ya kacewere itayalidwa m'mbali mwa mseu. Magalimoto aima, nalongeza matumba ndi madengu, napita. M'mawa mwace ndiwo zomwezo ziri pa moto m'nyumba za ku Ndirande ndi ku Kawale. Ici ndi cinthu conyadira, ndipo palibe wotsutsa kuti alimi a mapiri ano ndi anthu a khama.

Koma liripo funso limodzi limene Bungwe lofuna ubwino wa anthu liyenera kufunsa. Kodi mwana wa mlimi uja, amene anathandiza amace kusenza dengu la matimati kumka nalo ku msika, iye anadya ciani madzulo a tsiku lomwelo? M'nyumba zambiri yankho lace nlakuti anadya nsima yaikuru ndi tindiwo ta pansi pa mbale, tongokwanira kutsitsira mbamu ku mmero. Matimati okoma anapita ku msika, ku nyumba kunatsala ophwanyika. Mapicesi anagulidwa ndi a pa basi. Motero dziko lodyetsa mizinda likhoza kukhala ndi ana osakula bwino.

Kufufuza kwa Boma kwa mu 2015 ndi 2016 kunaonetsa kuti mwa ana 100 alionse osafika zaka zisanu m'Malawi, 37 anali opinimbira, ndiko kunena aafupi kosayenerana ndi zaka zao. Ndipo m'boma la Ncheu ciwerengero cinali copambana apo, ngati 42 mwa 100. Kupinimbira kuli ndi magwero ambiri, monga kudwaladwala, madzi oipa ndi umphawi, koma limodzi la magwero akuru ndilo kudya cakudya ca mtundu umodzi tsiku ndi tsiku. Nkhani ya lero yagona pamenepo. Masamba ndi zipatso ndi cakudya ceniceni, coyenera kupezeka m'mbale ya munthu aliyense tsiku liri lonse, miyezi yonse khumi ndi iwiri. Ndipo zimene dziko lino libala ziyenera kuyamba zakwanira pa khomo zisanapite ku msika.

Cakudya si nsima yokha

Bvuto loyamba liri m'kalankhulidwe. Munthu akhoza kudya mango asanu m'mawa, maungu masana, ndi nthoci ziwiri pobwera ku dimba; koma akafunsidwa madzulo ayankha kuti sanadye kanthu, popeza sanaone nsima. Mlendo akafika pa khomo napatsidwa nsima ya nkhwani, mwini nyumba apepesa ngati walakwa, nati ndiwo palibe. Abambo ambiri ayesa zipatso ngati zinthu za ana, ndipo acita manyazi kuoneka ali kusenda lalanje pa bwalo. Mnyamata wopeza ndalama ku Joni kapena ku Lilongwe aonetsa kulemera kwace pakuleka bonongwe, nagula nyama, chipisi ndi zakumwa za m'mabotolo.

Nsima njabwino, ndipo palibe wonena kuti ilekeke, pakuti ndiyo ipatsa thupi mphamvu ya kugwira khasu. Koma thupi la munthu lifanana ndi nyumba, imene siimangika ndi njerwa zokha popanda dothi lomatira, mitengo ya denga ndi udzu wofolera. N'cifukwa cace a Unduna wa Zaumoyo aphunzitsa kuti zakudya ziri m'magulu asanu ndi limodzi: zokhutitsa monga cimanga, cinangwa ndi mbatata, za m'gulu la nyemba ndi mtedza, zocokera ku nyama monga nsomba, mazira ndi mkaka, za mafuta, ndiwo za masamba, ndi zipatso. Magulu awiri omarizawa ndiwo osabvuta kupeza kuno ku Ncheu, ndiwonso onyozedwa koposa onse.

Nchito yace m'thupi

Kale amalinyero a ku Ulaya, amene anali kukhala miyezi yambiri pa nyanja yaikuru osaona masamba kapena cipatso, anali kufa ndi nthenda ya ciseyeye. Nkhama zao zinali kutupa ndi kukha mwazi, mano kugwedera, ndi mabala kukana kupola. Mu 1747 dotolo wa ku Scotland, dzina lace James Lind, anatenga amalinyero 12 odwala nthendayi, nawagawa awiriawiri, napatsa gulu liri lonse mankhwala aceace. Awiri amene anapatsidwa malalanje ndi mandimu ndiwo anayamba kucira msanga. Lind sanadziwe cimene cinali m'malalanjemo. Dzina lakuti vitamini linayambitsidwa ndi Casimir Funk mu 1912, ndipo cinthu cociritsa ciseyeye cinadziwika bwino mu 1932. Ndico cichedwa vitamini C.

Thupi silitha kusunga vitamini C nthawi yaitali, cifukwa cace afunika kawirikawiri. Apezeka m'magwafa, malalanje, manacesi, mandimu, mapapaya, matimati ndi malambe. Ndipo gwafa, cipatso cimene ana aponderera pansi pa mtengo, liri naye wocuruka kupambana lalanje. Nchito yace ina ndiyo kuthandiza thupi kulandira ayironi, mcere wofunika pa kupanga mwazi, umene upezeka m'nyemba ndi m'masamba obiriwira. Kufufuza kuja kwa 2015 ndi 2016 kunapeza kuti ana aang'ono oposa 60 mwa 100 anali ocepa mwazi, ndiponso mkazi mmodzi mwa akazi atatu alionse a msinkhu wobereka. Malungo ndi njoka za m'mimba ziri ndi mbali yaikuru pa bvutoli, koma cakudya naco ciri ndi mbali yace. Mai wapakati asowanso vitamini wina wa m'masamba obiriwira, wochedwa foleti, amene athandiza kuti msana ndi ubongo wa mwana ziumbike bwino m'masabata oyamba.

Vitamini A asunga maso ndi khungu, nalimbitsa thupi pa matenda monga cikuku ndi kutsegula m'mimba. Mwana womsowa ayamba kusaona bwino dzuwa likalowa, napunthwa pa zinthu m'cisisira. Thupi limpanga kucokera ku masamba obiriwira kwambiri ndi ku zakudya zofiira kapena zacikasu mkati: maungu, karoti, mango ndi mapapaya akupsa, ndi mbatata yofiira mkati monga Zondeni, Kadyaubwerere ndi Anaakwanire. Pa nkhani iyi dziko lapita patsogolo. Mu 2001 ana aang'ono 59 mwa 100 anali operewera vitamini A, koma pofika 2016 anali ngati 4 okha, makamaka cifukwa ca timadontho toperekedwa ku sikelo ya ana ndi vitamini woikidwa m'shuga ndi m'mafuta ophikira. Ici ncoyamika, komabe nkosayenera kuti banja lidalire shuga wa m'sitolo pa cinthu cimene cimera kuseri kwa nyumba.

Akuru nao ali ndi gawo lao. Matenda amene kale anali kuyesedwa a anthu olemera a m'tauni afika m'midzi. Kufufuza kwa mu 2009 kunapeza kuti mmodzi mwa acikulire atatu alionse m'Malawi anali ndi nthenda ya kuthamanga kwa mwazi, ndipo ngati 6 mwa 100 anali ndi nthenda ya shuga. Kunapezanso kuti oposa 9 mwa 10 sanali kudya masamba ndi zipatso zokwanira. Madotolo a maiko ambiri abvomerezana kuti kudya zimenezi mokwanira kucepetsa ngozi ya nthenda ya mtima, kufa kwa ziwalo ndi mitundu ina ya khansa, ndiponso kuthandiza m'mimba kuti munthu asadzimbidwe. Bungwe la WHO, loyang'anira zaumoyo pa dziko lonse lapansi, linawerenga kuti mu 2017 imfa ngati 3.9 miliyoni zinadza cifukwa ca kucepa kwa masamba ndi zipatso pa cakudya. Masamba salowa m'malo mwa mankhwala a ku cipatala ai. Wodwala apite ku cipatala ndi kumwa mankhwala ace monga anauzidwa. Koma masamba ali ngati mpanda wa dimba, umene umangidwa mbuzi zisanalowe.

Muyeso wace

Tsono munthu adye zocuruka bwanji? Mu 2003 akatswiri a WHO pamodzi ndi a FAO, bungwe la za cakudya ndi ulimi, anagwirizana kuti munthu wamkuru adye masamba ndi zipatso zosacepera magalamu 400 pa tsiku, ndiko kuperewera pang'ono pa theka la kilogalamu. Palibe mai amene ali ndi sikelo pa mafuwa, cifukwa cace muyeso wapafupi ndi dzanja. Magalamu 400 agawika pasanu, ndipo gawo limodzi lifanana ndi zodzaza dzanja la mwini wakudyayo: nthoci imodzi, lalanje limodzi, magwafa awiri aang'ono, cidutswa ca papaya, masuku odzaza dzanja, kapena cipande cimodzi cabwino ca ndiwo zophika. Cipande ca masamba masana, cina madzulo, cidutswa ca dzungu, ndi zipatso ziwiri pakati pa tsiku, muyeso wakwana. Mwana alandira monga mwa kukula kwa dzanja lace.

Apa pali cenjezo kwa anthu a Ncheu makamaka. Mbatata ya kacewere, cinangwa ndi mbatata ya kholowa siziwerengedwa m'muyeso umenewu, pakuti ziri m'gulu la zokhutitsa, limodzi ndi nsima. Munthu amene wadya nsima ya ndiwo za kacewere wadya nsima kawiri. Cimodzimodzi zakumwa za m'mabotolo zojambulidwa lalanje kunja. Kawirikawiri mkati mwace muli madzi, shuga ndi utoto. Ndiponso mtundu umodzi wa ndiwo sukwanira, ngakhale udzaze mbale, popeza comera ciri conse ciri ndi mphatso yaceyace. Lamulo losabvuta kukumbukira ndilo kuyang'ana maonekedwe: tsiku lisapite popanda cobiriwira, ndiponso popanda cofiira kapena cacikasu.

Cuma ca makolo

Anthu ena ayesa kuti nkhani ya masamba inabwera ndi sukulu. Si momwemo ai. Misoni ya Nzama inayamba mu 1901, pamene ansembe a Montfort anafika m'dziko la Mfumu Njobvuyalema. Koma kale lomwe, iwo asanafike, amai a midzi ino anali kudziwa nkhwani wa maungu, khwanya wa nyemba, citambe ca khobwe, kholowa wa mbatata ndi cigwada ca cinangwa, pamodzi ndi ndiwo zomera zokha monga bonongwe, luni, cisoso, mnadzi, denje ndi therere la mitundumitundu.

Mu 1938 ndi 1939 Boma la nthawi ija linatuma Dr. B. S. Platt ndi anzace kukafufuza kadyedwe ka anthu m'midzi ya boma la Kota Kota, limene lero lichedwa Nkhotakota. Mmodzi wa iwo, mai Jessie Williamson, anasonkhanitsa maina a zomera zimene anthu anali kuthyola, ndi maphikidwe ace. Ndipo mu 1955 buku lace, Useful Plants of Nyasaland, linasindikizidwa ku Zomba. Zambiri za m'bukumo ndi nzeru za agogo amene sanadziwe kulemba. Akatswiri a masiku ano ayesa masamba amenewa, napeza kuti bonongwe, luni ndi nkhwani apambana kabici woyera pa vitamini A ndi ayironi. Motero mlimi amene azula bonongwe nataya ngati udzu, kuti kabici akule, wataya cakudya copambana cimene ali kuciweta. Kabici agulitsidwe, koma bonongweyo apite ku mphika. Mau a akuru akoma akagonera.

Makolo anadziwanso kusunga. Pa nyengo imene masamba acuruka, amai anali kufutsa, ndiko kuwawiritsa pang'ono ndi kuwaumitsa, nawakulunga m'masamba a msuku kupanga zikwatu, nazipacika ku denga kuyembekeza malimwe. Banja lokhala ndi zikwatu silinali kulira ndiwo mwezi wa Okotobala. Lero mfutso uli kunyozedwa ngati ndiwo za osauka, ndipo atsikana ambiri akwatiwa osadziwa kumanga cikwatu.

Thengo nalo linali dimba la aliyense. Ku mapiri kunali masuku, maula, nthudza, matowo, mpoza ndi maye. Ku cigwa ca Bwanje ndi ku Balaka kunali kucokera malambe, masau ndi bwemba. Mitengo yambiri ya ku mapiri iri kutha ndi nkhwangwa ya anthu oocha makala. Msuku wodulidwa upatsa makala kamodzi kokha, koma msuku wosiyidwa udyetsa ana a mudzi caka ndi caka popanda woulimira kapena kuuthirira. Kusunga nkhalango monga ya Mvai, ndi mitengo ya m'mapiri a midzi, ndiko kusunga madzi, ndikonso kusunga cakudya.

Kaphikidwe

Ndiwo zabwino zikhoza kuonongekera mu mphika. Masamba atsukidwe asanadulidwe, cifukwa akadulidwa nakhalitsa m'madzi, mavitamini ena asungunuka natayika pamodzi ndi madziwo. Aphikidwe ndi madzi ocepa, mphika wobvundikira, kwa nthawi yaifupi, kuti aphulidwe akali obiriwira. Ndipo msuzi wace usatayidwe. Soda ndi cidulo zifewetsa masamba msanga, koma ziononga vitamini C ndi mavitamini ena. Pa therere, pamene mwambo ufuna cidulo, cikhale cocepa, ndipo pa nkhwani, mpiru ndi repu cisalowemo konse.

Kutendera ndi nzeru yaikuru ya makolo. Vitamini A salowa bwino m'thupi popanda mafuta, ndipo nsinjiro ziri ndi mafuta, zirinso ndi zomanga thupi. Pamene palibe nsinjiro, supuni ya mafuta ophikira icita nchito yomweyo. Cipatso cowawasa codyedwa pamodzi ndi cakudya, kapena madzi a mandimu ofinyira m'ndiwo zitapsa, zithandiza ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba kulowa m'mwazi. Koma tiyi womwedwa pa nthawi ya cakudya amletsa, cifukwa cace tiyi ayembekeze ora limodzi kapena awiri. Mfutso uumitsidwe pa mthunzi popita mphepo, pa mphasa yoyera, pakuti dzuwa lamphamvu liononga vitamini A.

Pali ngozi ziwiri zoyenera kuchulidwa poyera. Yoyamba ndi uve. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'Malawi. Cipatso ciri conse codyedwa caciwisi citsukidwe ndi madzi abwino, ndipo wakudyayo ayambe wasamba m'manja ndi sopo. Yaciwiri ndi mankhwala opopera. Pa botolo liri lonse palembedwa masiku oyenera kupita munthu atapopera asanathyole. Mlimi wopopera matimati lero nathyola mawa adyetsa poizoni ana a anzace ku tauni, ndi ana ace omwe amene atola otsalawo.

Miyezi khumi ndi iwiri

Bvuto la dziko lino ndilo kucuruka kwa zipatso mwezi umodzi ndi kusowa kwace mwezi wina. Mu Disembala mango aola pansi, nchenche ziri ng'waa. Mu Sepitembala mwana sapeza ngakhale cipatso cimodzi. Koma munthu akayang'ana caka conse, aona kuti mitengo ipatsana nthawi ngati anthu olandizana mtolo pa ulendo. Mvula ikamayamba kupsa mapicesi, masuku ndi mango. Dzinja likamapita kubwera mapeyala ndi magwafa. Pa masika ndi m'nyengo ya cisanu kuli malalanje, manacesi ndi mandimu. Pambuyo pace malambe, masau ndi bwemba zikwera kucokera ku cigwa, ndipo malambe ndi bwemba zisungika miyezi yambiri osaonongeka. Nthoci ndi mapapaya sizisankha nyengo kwenikweni. Miyezi yobvuta, kuyambira Ogasiti kufikira mvula yoyamba, ndiyo nthawi ya dimba ndi mfutso.

Cifukwa cace khomo liri lonse liyenera kukhala ndi mitengo ya mitundu inai kapena isanu yosapsa pamodzi, m'malo mwa mitengo khumi ya mtundu umodzi. Papaya abala pakatha caka cimodzi kapena kupitirira pang'ono. Gwafa pa zaka ziwiri kapena zitatu. Mango ndi mapeyala olumikiza pa zaka zitatu kapena zinai. Nyengo ya Boma yobzala mitengo iyamba pa 15 Disembala nitha pa 15 Epulo caka ciri conse, ndipo palibe lamulo lakuti mitengo yobzalidwayo ikhale bulugamu yekha. Kadimba ka pa khomo, kotalika mapazi khumi, kothiriridwa ndi madzi otsala potsuka mbale ndi ndiwo, kochingidwa bwino cifukwa ca mbuzi ndi nkhuku, kakhoza kupatsa banja masamba malimwe onse. Pang'ono pang'ono ndi mtolo.

Zonena za anthu

Ena ati mango abweretsa malungo. Coona cace ncakuti mango apsa pa nthawi imene mvula iyamba, ndiyo nthawi yomwenso udzudzu uswana m'zithaphwi. Ziwirizi zifika pamodzi ngati alendo okumana pa khomo, koma si pacibale ai. Ronald Ross anaonetsa mu 1897 kuti kacirombo ka malungo kakhala mwa udzudzu. Mwana agone m'masikito, ndipo mango adye, atatsukidwa.

Ena ati masamba ndi zipatso zifuna ndalama. Maapulo a m'sitolo afunadi ndalama, koma cisoso, bonongwe, kholowa ndi magwafa sizinagulidwepo ndi munthu wa pa mudzi. Kugulitsa sikuipa, pakuti sopo, mcere, feteleza ndi zofunika za sukulu zicokera ku dimba komweko. Colakwa ndico kugulitsa zonse. Ndalama ya dengu lomariza la matimati, ikatha pa ulendo wa ku cipatala ndi mwana wodwaladwala, phindu lace liri kuti? Mlimi wanzeru apatula mbeu asanagulitse cimanga. Momwemonso apatule ndiwo za banja asanamange dengu.

Ena ati mwana wamng'ono sangathe kudya masamba. Miyezi isanu ndi umodzi yoyamba mwana ayamwe bere lokha. Ikatha imeneyo, apitirize kuyamwa, koma phala lace lisakhale la ufa woyera ndi mcere wokha. Muikidwe nsinjiro, masamba ophika osinja bwino, kapena dzungu, ndipo pakati pa tsiku apatsidwe nthoci, papaya kapena peyala wophwanya ndi supuni. Kufufuza kwa 2015 ndi 2016 kunapeza kuti mwa ana 100 a miyezi 6 kufikira 23, ngati 8 okha ndiwo anali kulandira cakudya cokwanira pa mitundu yace ndi pa nthawi zace. Kupinimbira kumene kwacitika m'zaka ziwiri zoyamba nkobvuta kukonza pambuyo pace, ndipo kukhoza kumtsata mwana kufikira m'kalasi. M'mera mpoyamba. Mwana akakana ndiwo lero asakakamizidwe ndi mkwapulo, koma apatsidwenso tsiku lina, pakuti lilime lizolowera pang'onopang'ono.

Ndipo ena ati iyi ndi nkhani ya amai. Koma m'nyumba zambiri bambo ndiye alamula za dimba ndi za ndalama, ndiyenso alandira mbale yoyamba. Mwana wamwamuna ayang'ana m'mbale ya atate wace. Akaona atate ali kukankhira nkhwani pambali, iyenso adzakankha. Akaona atate ali kudya papaya pa khonde popanda manyazi, sadzafuna womphunzitsa.

Zopempha kwa Bungwe

Mutu umodzi susenza denga, ndipo pali zinthu zimene banja limodzi silingathe palokha. Cifukwa cace Bungwe lipemphedwa kulingalira zinthu zisanu izi, ndi kuzilemba m'nchito zace za caka cikudzaci.

Coyamba, kuti membala aliyense abzale pa khomo pace mitengo ya zipatso ya mitundu yosacepera inai m'dzinja likudzali, ndi kuichinga, ndipo Mlembi asunge ciwerengero ca mitengo imene idzakhala iri moyo pofika msonkhano wotsatira, pakuti kubzala nkwapafupi, koma kulera ndiko nchito.

Caciwiri, kuti Bungwe likambirane ndi alangizi a zaulimi za kukhazika nazale ya mbande za zipatso, ndi kuti anyamata ndi atsikana aphunzitsidwe kulumikiza mitengo.

Cacitatu, kuti makomiti a sukulu apemphedwe kusunga dimba ndi mitengo ya zipatso pa sukulu iri yonse, ndi kuti zokolola zace zidyedwe ndi ana eni ace.

Cacinai, kuti amai acikulire odziwa kufutsa ndi kumanga zikwatu aitanidwe ndi ulemu kuphunzitsa atsikana ndi amai acicepere, masamba akali ambiri, ndi kuti mbeu za bonongwe, luni ndi ndiwo zina za makolo zisungidwe ndi kugawidwa.

Cacisanu, kuti mafumu apemphedwe mwaulemu kuika lamulo m'midzi yao loletsa kudula msuku, muula ndi mitengo ina ya zipatso cifukwa ca makala kapena nkhuni.

Palibe cimodzi mwa zisanuzi cofuna ndalama zambiri, kapena coyembekeza thandizo locokera kutali. Nthaka iripo, madambo alipo, nzeru ziri ndi agogo, ndipo khama la alimi a kuno lidziwika kale m'misika ya Blantyre ndi Lilongwe. Catsala ndico kuti Bungwe, pakuyesa ubwino wa caka, lisawerenge matumba okha okwera pa galimoto, koma lifunsenso ku sikelo ya ana ngati ana a midzi ino ali kukula.